Basi ya Wani Koloko ya ku Kotli Beri

Bilston
Lamulungu, 8 Seputembala 2024

Okondedwa Amake Winnie,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, inu, Winnie ndi Nellie, komanso amayi anu. Bondo lawo lija likuwalola kufika kudimba? Ine ndili bwino, kupatula phazi lamanzere limene limadandaula madzulo, koma si nkhani.

Ndalemba papepala monga mwa masiku onse, ndijambula ndi foni n'kutumiza. Pafoni timalankhula mothamanga, netiweki n'kuduka ndisananene chimene ndimafuna. Pepala silindithamangitsa.

Kuyambira pa 19 Ogasiti kampani yandipatsa agogo ena oti ndiziwasamalira kunyumba kwawo. Dzina lawo ndi a Joginder Singh, zaka 86. Anachoka ku India mu 1963 kudzagwira ntchito m'fakitale yosungunula zitsulo konkuno ku England. Akazi awo anamwalira zaka zisanu zapitazo, ndipo akukhala okha. Mwana wawo ndi mmodzi, mayi wamkulu ndithu dzina lake Manjit, amagwira ntchito m'sitolo ya mankhwala ku Birmingham. Ine ndimapitako katatu patsiku: 8 koloko, 12:30 ndi 5:30.

Mutu wawo wayamba kuiwala. Sadziwa ngati adya kapena ayi. Koma mmawa uliwonse ndikamawasambitsa ndi kuwamanga nduwira kumutu, amawerenga anthu a m'mudzi mwawo, nyumba ndi nyumba, kuyambira pachitsime. Kwa wosula makasu 7. Pamtengo wa mango 11. Kwa mphunzitsi 4. Amapita choncho mpaka nyumba 96, n'kutseka ndi mawu akuti, "Kotli Beri, anthu 614." Ndinalemba manambalawo masiku atatu otsatizana n'kuwonkhetsa. Amake Winnie, ndi 614 ndendende.

Amandiuzanso njira. Kuchoka m'mudzi umayenda pansi makilomita awiri kukafika pamsewu waukulu. Basi ndi imodzi patsiku, imafika 1 koloko masana kuchokera ku tawuni ya Nakodar, kumene kuli sitima. Mvula ikagwa basiyo siibwera, anthu amadalira ngolo. Ndinaseka ndekha. Zaka 13 ndinagwira kwa amwenye ku Lilongwe, zisanu ndi zinayi m'sitolo, zinayi ndikusamalira bambo awo a bwana, koma sindinaganizepo kuti mmwenye ali ndi kwawo kwa matope, ngolo ndi ndowe. Ndinawauza kuti kwathunso ukatsika ku Mponela umakwera kabaza, ndipo pamtsinje umavula nsapato. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Ndiye ndiwe munthu, puttar." Puttar ndiye kuti mwana wanga.

Vuto lili apa. Ikakwana 12:50 pawotchi yawo yapamkono, amafuna jekete n'kulunjika kukhomo, ati basi ikubwera. Kawiri chaka chino anatuluka okha, ulendo wina anawabweza ndi apolisi. Manjit wandiuza kuti zikachitikanso, a boma awasamutsira kunyumba ya okalamba ku Telford, kumene zitseko zimakhala zokiya. Ananena akupukuta maso. Agogowo akangomva dzina la Telford amagwira mpando wa akazi awo ndi manja awiri. Choncho ntchito yanga ya masana ndi kuwatsekereza ndi tiyi ndi chapati mpaka 1:10. Masiku ena amalira. Sindikonda kuima pakhomo la mwini nyumba ngati mlonda, koma nditani.

Ya feteleza ndatumiza Lachisanu. Gulani tsopano mitengo isanakwere, ndipo matumba asagone pansi, muyale matabwa. Za maawala a ntchito ndidzanena ulendo wina.

Ine wanu,
Gray

Bilston
Lamulungu, 6 Okutobala 2024

Amake Winnie,

Moni nonse. Ndasangalala kumva kuti malungo a Nellie atha. Amalize mankhwala onse, ngakhale akuthamanga kale. Ine ndadzuka bwino. Kwayamba kuzizira ndipo khoma la kuchipinda kwathu layambanso kuchita thukuta, koma Dixon, mnzanga wa ku Chipata uja amene timakhala limodzi ndi kugwira kukampani imodzi, wapeza nsalu yotchinga.

Ndalakwitsa chinthu sabata ino, ndipo ndikuuzani inu chifukwa kulibe wina.

Lachiwiri ndinati ndiwasangalatse agogo aja. Ndinalemba dzina la mudzi wawo pafoni, ndipo linatuluka. Zonse zinalembedwa mwadongosolo, ngati m'buku la sukulu. Anthu 2,137. Nyumba 402. Sitima makilomita 11. Bwalo la ndege ku Amritsar. Mabasi theka lililonse la ola, mpaka pakati pamudzi. Ndinawawerengera ndili wokondwa, ndikuganiza kuti anyadira kuti kwawo kwatukuka.

Anasiya kapu. "Zikwi ziwiri? Ndani amenewo?"

Ndinati, "Ana anabadwa, agogo. Zaka zapita."

"Akugona m'nyumba ya yani? Akutunga pachitsime chiti? Iwe unafikako?"

Ndinati sindinafikeko.

"Ndiye khala chete. 614. Amene anapita sachotsedwa, amene sitikumudziwa sawonjezedwa."

Tsiku limenelo sanadye masana ngakhale madzulo. Pa 12:50 anandikankha pachifuwa, munthu wofatsa ngati uja, ndipo tinalimbana pakhomo mphindi 25. Lachitatu mmawa anawerenga mudzi mpaka nyumba ya 40, anasokonezeka, anayambiranso kanayi. Ndinamva chisoni ngati ndathyola chinthu cha m'nyumba ya eni. Lachisanu ndinatenga pepala langa lija n'kuwathandiza pamene anaima: "Kwa wosoka nsapato 6, agogo." Anapitiriza mpaka kumapeto. Foni ija sindidzawaonetsanso.

Ndinamufunsa Manjit ngati anafikako ku Kotli Beri. Anati ayi. Bambo ake eniakewo anabwererako kamodzi kokha, mu 1975, milungu itatu, ndipo atabwerako sanafunenso kukamba zopita. Iye chinenero chawo amamva, koma kuwerenga zilembo zake satha. Ndinaganiza za Winnie, koma ndinadzikumbutsa kuti zathu n'zosiyana, ine ndinati zaka zitatu basi.

Denga la khola likonzedwe mvula isanayambe. Musakwere nokha, itanani achimwene anu. Winnie andilembere yekha mmene masamu akuyendera, asabisale kumbuyo kwanu.

Wanu,
Gray

Bilston
Lachitatu, 30 Okutobala 2024

Amake Winnie,

Ndikhulupirira muli bwino nonse. Ine thupi lili bwino. Pepani kuti Lamulungu sindinayimbe.

Agogo aja anatuluka.

Kuno ali ndi mwambo wobweza nthawi. Kumapeto kwa Okutobala mawotchi onse amabwezedwa ola limodzi. Foni imadzibweza yokha iwe uli mtulo, ndiye chaka chatha sindinazilabadire n'komwe. Koma wotchi ya agogo ndi yakale, yopukusa ndi zala, ndipo amene amaipukusa mmawa uliwonse ndine. Lamulungu pa 27 ndinaipukusa, ndinawavalika, osaibweza. Choncho 12:50 yawo inakwana pamene yanga inali 11:50, ine ndili kwa munthu wina ndikutsuka mbale.

Nditafika 12:30 ndinapeza chitseko chili pululu. Jekete ili pamsomali, nsapato zili pansi pa mpando. Kunja kukugwa mvula ija yosamveka koma yonyowetsa. Ndinathamanga, phazi ndinaliiwala. Ndinawapeza pasiteji ya basi kumapeto kwa msewu wawo, atakhala pabenchi, atavala masilipasi, nduwira ikudontha madzi. Mayi wina wa kasitolo ka pafupi anali atawafunditsa chovala chake, ndipo anali atayimbira kale Manjit pa nambala imene ili pachibangili chawo.

Ali ndi chifuwa tsopano, adokotala apereka mankhwala a masiku asanu ndi awiri. Msonkhano woti agamule za Telford aika Lachinayi pa 21 Novembala, 2 koloko.

Kuofesi anandipatsa fomu yoti ndilembe zimene zinachitika. Dixon anaiona patebulo. "Iwe mudala, lemba chabe kuti client ana-wander. Za wotchi ndani azaziba? Ufuna kuluza visa chifukwa cha wotchi?" Ndinakhala nayo fomuyo nthawi yaitali. Kenako ndinalemba za wotchi, chifukwa ndikapanda kutero aziti matenda akula, pamene wolakwa ndine. Melissa, amene amatigawira ntchito, anawerenga n'kungoti tidzakambirana. Sindikudziwa tanthauzo lake. Musade nkhawa, ndipo amayi musawauze.

Chinthu chimodzi chikundizungulira m'mutu. Mayi wa sitolo uja, pondithandiza kuwadzutsa, anati, "Mabasi atatu aima apa, sanakwere ngakhale imodzi. Amangoimirira, kuyang'ana otsika, n'kukhalanso pansi." Munthu wothawa kupita kwawo amasiya mabasi atatu?

Mwati a zaumoyo anabwera kudzalemba maina a maneti, ndipo analemba anthu anayi, poti amawerenga ogona m'nyumba. Mwatinso Nellie anakangana nawo kuti tilipo asanu. Anachita bwino a zaumoyowo, lamulo lawo ndi limenelo. Anthu anayi maneti awiri, akwana. Ndangowerenga mzere umenewo kangapo, basi.

Gray

Bilston
Lamulungu, 10 Novembala 2024

Okondedwa Amake Winnie,

Moni kwa inu ndi ana ndi amayi. Ndamva kuti mvula yoyamba yagwa Lachinayi. Musafulumire kubzala, dikirani yachiwiri inyowetse mpaka chikhatho chonse. Ine ndili bwino. Ntchito ndikadali nayo, ngakhale andichotsera nyumba ziwiri pa ndandanda. Mwezi uno zichepa pang'ono, mundikhululukire.

Chifuwa cha agogo chapola. Ndinamupempha Manjit kuti m'malo mowatsekereza ndiziwaperekeza kusiteji. Anali atatopa kwambiri, anangoti, "Chitani zimene mukuona, Gray. Kwatsala masabata awiri okha." Ndinalemberanso Melissa uthenga kuti adziwe. Sanayankhe. Dixon akuti zimenezi sizili m'pepala la ntchito, akagwa pamsewu mlandu ndi wanga ndekha. Akunena zoona.

Tinayamba Lolemba pa 4. Itakwana 12:50 anaimirira, ine n'kuwapatsa jekete ndisanapemphedwe. Anandiyang'ana modabwa, ngati ndawabwezera chinthu chimene ndinawalanda. Kuchoka pakhomo kukafika pabenchi ndi mapazi 212 a iwowo, mphindi zisanu ndi imodzi. Basi inafika 12:58. Anaimirira atagwira mkono wanga. Kunatsika mayi wa mwana, anyamata awiri ndi mzungu wa galu. Anayang'ana nkhope iliyonse. Chitseko chitatsekeka anati, "Lero ayi." Anatembenuka okha. Kunyumba anadya chapati ziwiri ndi nyemba zonse, n'kugona tulo pampando.

Lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu chimodzimodzi. Lachinayi tili pabenchi ndinalimba mtima.

"Agogo, tikudikira yani?"

"Joginder."

Ndinati, "Joginder wake uti?"

"Wanga. Anapita ku England kukasungunula zitsulo. Anati zaka zitatu." Anakonza kolala ya jekete. "Ndi mwana wabwino, amatumiza ndalama. Koma ndalama sizitsika basi."

Amake Winnie, Joginder ndi iwo omwe. Ndinangowagwira dzanja mpaka basi inabwera n'kupita. Pobwerera ndinalephera kuwerenga mapazi.

Madzulo ake ndinamuuza Manjit mawuwo monga anawanenera. Anati m'kabati muli chitini cha makalata akale abuluu ochokera ku India, amene sanawawerengepo chifukwa cha zilembo. Akuti apita nawo kukachisi wawo, kuli amayi achikulire amene amatha.

Ndagula kabuku kakang'ono. Tsiku lililonse ndikulemba nthawi yonyamuka, nthawi ya basi, ngati anayesa kukwera, nthawi yobwerera, ndi zimene adya. Sindidziwa kulankhula pamsonkhano wa azungu, koma kulemba madeti ndimatha.

Nellie mumuuze kuti adadi amva zimene ananena kwa a zaumoyo.

Wanu nthawi zonse,
Gray

Bilston
Lachisanu, 22 Novembala 2024

Amake Winnie,

Tili moyo. Ndikhulupirira inunso mwadzuka bwino ndipo mbewu zamera. Ndikulemba ndili m'basi, mukhululuke zilembo zokhota.

Msonkhano unachitika dzulo m'chipinda chochezera cha agogo. Panali mayi wa boma woona za okalamba, Melissa, Manjit ndi ine. Agogo anakhala pampando wawo, ndevu nditazipesa bwino. Mayi wa boma anali munthu waulemu. Anati nyengo yozizira yafika, munthu watuluka katatu, ndipo malo ku Telford apezeka, akhoza kulowa pa 2 Disembala. Anali atalemba kale zambiri papepala lake.

Atandifunsa ngati ndili ndi mawu, ndinangopereka kabuku. Masiku 17, kuyambira pa 4 mpaka pa 20. Kukwera basi: 0. Kulimbana pakhomo: 0. Kudya chakudya chonse: masiku 15. Masiku awiri amene ndinali pa ofu anawaperekeza ndi Dixon yemwe uja, akung'ung'udza, ndipo analemba ndi dzanja lake kuti "palibe vuto, koma mudala ayenda slow." Lachiwiri pa 19 kunagwa chisanu choyera chija, ndiye mayi wa sitolo anatiikira mpando mkati pawindo, basi tinaionera pamenepo. Wati mpandowo ulipo nyengo yonse yozizira.

Melissa anafunsa kuti ndani anandiloleza. Ndinati ndinakulemberani pa 3 Novembala, 4:15 madzulo. Anayang'ana foni yake, nkhope inafiira.

Kenako Manjit anatulutsa kalata imodzi yabuluu ndi pepala limene anamasulirapo. Ndi ya 1971, yochokera kwa agogo ake aakazi, amayi a Joginder, yolembedwa ndi mphunzitsi wa m'mudzi. Anawerenga kuti: "Tsiku lililonse ndimapita kumsewu kukaona basi ya 1 koloko. Anthu amandiseka. A kalembera anabwera, ndinawauza kuti m'nyumba muno tilimo asanu ndi mmodzi. Anati akuona asanu. Ndinati winayo ali m'njira." Mayiwo anamwalira mu 1974. Mwana wawo anafika chaka chotsatira.

Ndiye agogo, amene tinkaganiza kuti sakutsatira, anati, "Kwathu tinalipo 6. Nyumba ya 58." Ndinatsegula pepala langa lakale lija. Nyumba ya 58, anthu 6. Ndinalionetsa kwa mayi wa boma. Analiyang'ana nthawi yaitali, kenako anafunsa, "Ndiye sakufuna kupita kulikonse?" Manjit anati, "Ayi. Akuimirira pamene amayi awo ankaimirira."

Agamula kuti akhale pakhomo pawo miyezi itatu, adzaonanso mu Febuluwale. Aika kachipangizo pachitseko kolira pafoni ya Manjit. Ulendo wa kusiteji aulemba m'pepala la ntchito, ndipo nthawi yanga ya masana aiwonjezera ndi mphindi 15. Za wotchi andipatsa kalata yochenjeza, ikhala m'faelo miyezi isanu ndi umodzi. Ndailandira, inali yanga.

Potuluka Manjit anandipatsa chitini cha maswiti awo achikasu. Ndi otsekemera mopweteka mano. Dixon wadya asanu ndi awiri.

Ndatsala pang'ono kutsika. Moni kwa onse.

Gray

Bilston
Lamulungu, 15 Disembala 2024

Okondedwa Amake Winnie,

Zikomo chifukwa cha chithunzi cha munda. Chimanga chikuoneka bwino, koma mzere wa kumunsi ukufuna kupalira msanga. Ine ndili bwino, phazi ndinakaonetsa, andipatsa zoika m'nsapato. Kuno kukuda 4 koloko isanakwane.

Kalata yanu ndaiwerenga kasanu. Simunayambe mwandilemberapo motalika chonchi. Mwati sindinakuuzeni zoona zonse za ntchito, ndipo munazimvera kwa akazi a Dixon. Pepani. Ndinkati ndikusungireni mtendere, koma ndaona kuti ndinakusungirani nkhawa ya mtundu wina.

Mwatinso chinthu chimene sindinkachidziwa: kuti Loweruka lililonse Nellie amapita pamtsinje kukakhala pamwala, kuyang'ana akabaza akamatsitsa anthu tsidya lija, ndipo mukamufunsa amati akungoona madzi. Mwati wachita zimenezi kuyambira chaka chatha. Bwanji simunandiuze? Ayi, ndisafunse choncho. Inenso ndine uja wosanena.

Ndinachoka pa 11 Juni 2023. Lero ndi chaka chimodzi, miyezi isanu ndi umodzi ndi masiku anayi. Ndinkati ndisabwere mpaka zaka zitatu zithe, kuti ya ndege ipite kumalata a nyumba. Ndinkaona ngati ndi nzeru. Masiku ano ndikakhala pawindo la sitolo ija ndi agogo, iwo akuyang'ana otsika, ine ndimayamba kuwerengera zina.

Sindikulonjeza kanthu m'kalata ino, chifukwa sindifuna kunena tsiku limene sindinalipeze. Mawa ndikalankhula ndi Melissa. Masiku ano amandiyankha msanga.

Pa Khirisimasi ndigwira ntchito. Ana muwagulire mpunga ndi nkhuku, ndipo amayi nsalu ija anaisirira ku Mponela. Musawauze kuti yachokera kwa ine, muone ngati alota.

Wanu,
Gray

Bilston
Lamulungu, 12 Januwale 2025

Okondedwa Amake Winnie,

Chaka chabwino kwa inu nonse a m'nyumba mwanga. Ndili bwino, ndipo lero ndikunena zoona.

Ndikuuzeni za dzulo. Loweruka Manjit sagwira ntchito, ndiye wayamba kubwera kudzayenda nafe. Dzulo ndinachedwa kwa munthu wa 11 koloko, anataya mapiritsi pansi ndipo tinawafufuza limodzilimodzi. Ndinayimbira Manjit kuti anyamuke nawo, ndiwapeza konko. Masiku onse ndimayenda pansi kuchoka kumeneko, mphindi 22, koma poona nthawi ndinakwera basi. Sindinaganize chilichonse. Ndinazindikira basi ikuima kuti ndi ija ya 12:58.

Ndinatsika wachitatu, chikwama kumsana. Agogo anali ataimirira pafupi ndi benchi, Manjit atawagwira. Anayang'ana woyamba, anayang'ana wachiwiri, kenako ine. Anasiya mkono wa mwana wawo. Anayenda okha mapazi anayi, n'kundigwira masaya ndi manja awo ozizira.

"Wafika, puttar."

Ndinayang'ana Manjit. Anagwedeza mutu kuti ndivomere.

Ndinati, "Ndafika."

"Wachedwa."

"Ndachedwa. Pepani."

"Waonda. Kumeneko sakudyetsa?" Anandilanda chikwama kuti anyamule iwo, ndipo ndinawasiya anyamule mpaka pa geti, ngakhale chinkakhwekhwereza pansi. Njira yonse ankandiuza nkhani za m'mudzi: ng'ombe ya kwa wosula makasu yabereka, chitsime achikonza, mphunzitsi wakwatira. Kunyumba anakana kudya mpaka ine nditayamba. Lamulo la kampani silitilola kudya kwa anthu, koma chapati imeneyo ndinadya, ndipo ndalemba m'kabuku kuti ndinadya. Kenako anawerenga mudzi wonse masana, chinthu chimene sachita, ndipo pomaliza anati, "614. Onse alipo." Manjit anatuluka kupita kukhitchini n'kutsegula mpopi kwa nthawi yaitali.

Musaganize kuti achira. Lero 12:50 anafunanso jekete, tinapita, basi inabwera, anati, "Lero ayi." Koma anabwerera akuyimba pansipansi, ndipo ali m'nyumba mwawo, pafupi ndi mpando wa akazi awo. Mayi wa boma anayimba Lachitatu kunena kuti malo a ku Telford apereka kwa wina.

Tsopano tengani cholembera. Tchuthi andipatsa, ndipo tikiti ndadula Lachisanu. Malata adikira chaka china. Ndinyamuka ku Birmingham Loweruka pa 5 Julayi, kufika ku Lilongwe Lamulungu pa 6 masana. Ndigona kwa achimwene ku Area 25. Lolemba pa 7 ndikwera minibasi ya mmawa kupita ku Mponela, kenako kabaza. Ndikayerekeza, ndifika pamtsinje cha m'ma 11 koloko. Mu Julayi madzi amakhala m'mawondo, ndidzavula nsapato. Ndikhala masiku 19. Masiku amenewo agogo aziperekezedwa ndi Dixon, wavomera, ati bola maswiti.

Nellie mumuonetse tsikuli pakalendala, alizungulize yekha. Mumuuze kuti Loweruka asamapitenso pamwala paja, palibe amene atsike. Apite pa 7 Julayi, avale juzi, kudzakhala kukuzizira.

Ndaika kapadera pang'ono pa zimene ndatumiza. Mukapita ku Mponela mugule neti yachitatu. A zaumoyo alembe anayi, ndi ntchito yawo. Koma inu muipachike.

Ine mwamuna wanu,
Gray